Pomanga milatho musaiwale wa njinga, taonani momwe akuvutikira a ku Auckland

A Mkonzi,

Ndipatseniko kamalo mu nyuzipepala yathuyi ndilankhulepo za milatho ndi njinga. Ndikulemba ndili ku Joni kuno, ndipo monga a Malawi anzanga ambiri ogwira ntchito m'mayadi ndi m'magadeni ndimapita ku ntchito pa njinga yakapalasa coz ndalama ya taxi ukaiwerengera pa mwezi ndi thumba la ufa ndi ndiwo zake kumudzi. Nde nkhani ya komwe wa njinga adutse ikamakambidwa, kaya ndi dziko liti, ine khutu limaima.

Azungu ambiri a kuno ana awo anasamukira ku New Zealand, makamaka dera lina la mzinda wa Auckland lotchedwa North Shore, nde nkhani za kumeneko timazimva pafupipafupi akamacheza pa foni, zina ndimakaziwerenga ndekha pa intaneti. Yomwe yandikhudza ndi ya mlatho wawo waukulu, Auckland Harbour Bridge, woolotsa pa doko la Waitematā kulumikiza pakati pa tauni ndi North Shore yo. Mlathowu ndi wautali kupitirira pang'ono kilomita imodzi, uli ndi ma leni 8, pa tsiku pamadutsa magalimoto cha m'ma 170,000, koma munthu woyenda pansi kapena wa njinga saloledwa kupondapo olo pang'ono. Mlendo wokaona malo akhoza kulipira ndalama n'kukwera pamwamba pa zitsulo zake, akhozanso kumangidwa chingwe m'miyendo n'kudziponya kuchokera pa mlatho omwewo kuti asangalale, kamodzi pa chaka othamanga mpikisano wa marathon amadutsapo, koma mnyamata wofuna kupalasa njinga kupita ku ntchito tsidya linalo ayi. Iyeyo akwere sitima ya pamadzi ndi njinga yakeyo pa nthawi yomwe sitimayo yafuna kunyamuka, apo ayi azungulire ulendo wautali kukadzera mlatho wina wa kumtunda ku Greenhithe.

Chinachitika n'chani kuti dziko lolemera choncho likhale ndi mlatho wotero? Nkhani yake ndi ya bajeti basi. Pulani yoyamba inali ndi ma leni ambiri komanso tinjira ta oyenda pansi mbali zonse ziwiri, koma akuluakulu a nthawi imeneyo anati ndalama zachuluka, dulani. Anadula leni, anadulanso tinjira tija, mlatho n'kutsegulidwa pa 30 May 1959 uli ndi ma leni 4 okha. Sipanathe ndi zaka 10 zomwe unali utachepa kale, nde mu 1969 kampani ya ku Japan ya Ishikawajima-Harima inapanga zigawo zazitsulo zomwe anadzamata m'mbali, ma leni awiri uku awiri uku, kukwana 8. Apa ndi pomwe pamandiwawa a Mkonzi, mpata wachiwiri unapezeka woti akonze cholakwa chija koma ngakhale ulendo umenewu wa njinga sanamuganizire. Zigawo zomatazo pambuyo pake zinayamba kuonetsa ming'alu chifukwa cha kulemera kwa mathiraki, anachita kuziwonjezera zitsulo matani mazanamazana, nde lero ukati tiyeni timatepo kanjira ka njinga mainjiniya amagwira mutu kuti mlathowu wasenza kale zokwanira.

Anthu sanangokhala chete ayi. Mu May 2009, mlatho ukukwanitsa zaka 50, chikhamu cha anthu masauzande chinakankha mpanda wa apolisi n'kuoloka wapansi ndi pa njinga. Pa 30 May 2021 anabwerezanso, makamaka a njinga ulendo uno, akuti tipatseni leni imodzi yokha mwa 8 zija. Pakati pa zaka zimenezi panali pulani ina yotchedwa SkyPath yoti apachike kanjira kotchinga bwino m'mbali mwa mlatho, inadutsa m'makhonsolo ndi m'makhoti mpaka kuvomerezedwa, kenako bungwe loona za misewu la Waka Kotahi litaitenga linasintha kamangidwe, mtengo n'kumakwera, mapeto ake n'kunena kuti kupachika pa mlatho wakalewo sizitheka.

Ndiye taonani zomwe boma linachita. Patangotha masiku ochepa chichitikireni zionetsero za 2021 zija, nduna ya zamtengatenga Michael Wood inalengeza kuti amanga mlatho wina wapadera pambali pake, wa njinga ndi oyenda pansi okha, wa ndalama zokwana 685 miliyoni ya madola a ku New Zealand. Dziko lonse linakwiya. Alimi a kumidzi omwe misewu yawo ili ndi maenje, oyendetsa mathiraki, manesi omwe amadandaula za malipiro, onse anati ndalama zonsezi chifukwa cha anthu ochepa ovala timakabudula tothina? Pofika October chaka chomwecho pulani ija inali itatayidwa, ndalama zoposa 50 miliyoni zitapita kale ku zojambula ndi kwa alangizi, pansi popanda olo njerwa imodzi. Chomvetsa chisoni n'choti a njinga ambiri sanapemphe mlatho wodulawo, iwo amapempha leni imodzi pa mlatho womwe ulipo kale, koma mkwiyo onse unagwera iwowo.

Pano nkhani ili pa zoti kutsogoloku aolokere pati. Mu August 2023 boma la Chris Hipkins linabwera ndi chipulani chachikulu, misewu iwiri ya pansi pa nyanja ya ma leni atatu uliwonse kuphatikizapo njanji yakenso ya pansi, mtengo wake pakati pa 35 ndi 45 biliyoni, ndipo anati zimenezi zikadzatha ndi pomwe ma leni ena a pa mlatho wakale adzapatsidwe kwa mabasi, a njinga ndi oyenda pansi. Patangotha miyezi iwiri anagonja pa chisankho, boma latsopano n'kuika chipulanicho pambali kuyambanso kuunika kuti kaya mlatho kaya msewu wa pansi. Meya wa mzindawo Wayne Brown naye ali ndi maganizo ake, akuti bola mlatho wina chakumadzulo kudzera pa miyala ya Meola Reef poti ungatchipe. Aliyense ali ndi chojambula chake chokongola. Koma chilichonse mwa zimenezi, olo atagwirizana mawa m'mawa, ndi ntchito ya zaka zoposa 10, mwana yemwe ali ku pulayimale lero adzakhala ali pa banja asanapalaseko njinga pa dokolo.

Ine maganizo anga ndi oti msewu wina woolokera ukufunikadi, sindikutsutsa. Mu September 2020 chimphepo cha liwiro la makilomita 127 pa ola chinagwetsa thiraki n'kukankhira ina pa chitsulo chogwira mlatho, ma leni apakati anatsekedwa, mzinda onse unaima kwa masabata. Mzinda waukulu choncho kudalira mlatho umodzi wa 1959 ndi kuika moyo pa chiswe. Koma kumuuza wa njinga kuti dikira kaye tikumbe pansi pa nyanja ndiye tidzakuganizire, kumeneko ndi kumunamiza mwaulemu. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Leni imodzi lero ndi ya pamphuno. Ndipo mlathowu uli kale ndi chipupa cha konkire chosunthika chomwe chigalimoto chapadera chimakankha tsiku lililonse, m'mawa ma leni 5 kulowa m'tauni 3 kutuluka, madzulo n'kutembenuza, kusonyeza kuti kugawa malo pa mlathowu ndi chinthu chomwe amachita kale, vuto ndi loti agawire ndani.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo ndipo zina ndi zomveka, tisanamizane. Mlathowo ndi wokwera, mphepo ya pa nyanja ndi yamphamvu, pakufunika mpanda wolimba pakati pa njinga ndi magalimoto komanso wina wautali kumbali ya madzi, zonsezo ndi kulemera. Amatinso mukachotsa leni imodzi mzere wa magalimoto ufika kutali. Chabwino. Koma nanga bwanji osangoyesa miyezi itatu ya chilimwe n'kuwerenga kuti adutsa angati, mzere watalika bwanji? A Waka Kotahi anakana ngakhale kuyesa kumeneko. Chonsecho anzawo ku Vancouver ku Canada anayesa pa Burrard Bridge mu 2009, anthu analosera chipwirikiti, lero njira ya njinga ija ndi yokhazikika. Ku New York mu 2021 anatenga leni imodzi ya magalimoto pa Brooklyn Bridge n'kuipereka kwa a njinga, mzinda sunagwe. Tsiku la mphepo yoopsa mutseke geti basi, ngati momwe amachepetsera kale liwiro ndi kutseka ma leni kukachita chimphepo.

Ku Sydney zinthu zinayendako bwino chifukwa mlatho wawo wa 1932 unamangidwa wotakata kuyambira pachiyambi, uli ndi njanji, msewu, njira ya oyenda pansi kum'mawa ndipo ya kumadzulo ndi ya njinga. Koma nakonso kwa zaka zambirimbiri wa njinga akafika ku mapeto a kumpoto ku Milsons Point ankatsika n'kukankha njinga pa masitepe 55. Tangoganizani mayi wabereka mwana pa kampando ka kumbuyo, kapena mkulu wachikulire ndi njinga yamagetsi yolemera ija. Kuti agwirizane zomanga njira yotsetsereka m'malo mwa masitepewo panatenga zaka akukangana ndi eni nyumba a m'deralo omwe amati iwononga paki yawo. Nde ngakhale njira ikhalepo pa mlatho, ngati polowera ndi potulukira sanapaganizire ndi ntchito yosatha.

Zimenezi ife a ku Joni timaziona ndi maso. Mu nthawi ya meya Parks Tau anajambula ndi kumanga tinjira ta njinga ku Braamfontein, cha ku mayunivesite a Wits ndi UJ, ku Orlando ku Soweto ndi madera ena. Mu 2016 atalowa Herman Mashaba anaimitsa 70 miliyoni rand yomwe inali ya tinjira timeneti, mfundo yake inali yoti misewu ya m'makomboni ilibe ndi phula lomwe nde za njinga zidikire. Anthu ambiri anawomba m'manja poti m'maganizo mwawo wa njinga ndi bwana wa ku Sandton wopalasa Loweruka m'mawa kuti achepetse mimba. Koma dzukani 5 koloko m'mawa muime m'mbali mwa msewu wochokera ku Diepsloot kapena ku Cosmo City muone omwe akupalasa, ndi alonda, a m'magadeni, omanga nyumba, a Malawi, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi eni dziko omwe, chikwama cha nkhomaliro pa keliyala, ena opanda ndi nyali yomwe, thiraki ikuwadutsa mphepo yake yokha kufuna kuwagwetsa. Tinjira tomwe tinamangidwa tija tambiri pano ndi poimikapo ma taxi ndi potayapo zinyalala, ndipo tinayikidwa komwe okwera njinga enieniwo sadutsa kwenikweni, kamayamba pa kona iyi n'kuthera pa kona inayo, kenako udziwa wekha.

Chomwe anachita bwino ndi mlatho wa pa Grayston Drive woolotsa msewu waukulu wa M1, wa oyenda pansi ndi njinga, kulumikiza Alexandra ndi Sandton. A khonsolo ankati anthu pafupifupi 10,000 amayenda wapansi tsiku lililonse pakati pa madera awiriwa. Koma poti unabwera mochedwa, kumangidwa pamwamba pa msewu womwe magalimoto akuthamanga kale pansi, pa 14 October 2015 zitsulo zogwiriziza pomanga zinagwera pa M1, anthu awiri anafa ena 19 kuvulala, ntchito n'kuima nthawi yaitali. Yerekezani ndi Nelson Mandela Bridge wa 2003 wodutsa pamwamba pa njanji pakati pa Braamfontein ndi Newtown, umenewo malo a oyenda pansi anawaika pa pepala pomwe, palibe anachitapo zionetsero kuti aloledwe kuoloka.

Tsono chomwe ndalembera kalatayi ndi kwathu. Ku New Zealand wa njinga akakanizidwa ali ndi galimoto pakhomo kapena basi yabwino yodutsa pa mlatho omwewo. Kwathu njinga si masewera, ndi ambulansi, ndi lole ya makala ndi matumba a chimanga, ndi ofesi ya mnyamata wa kabaza yemwe akudyetsa banja ndi kulipira fizi. Makomo omwe ali ndi njinga ndi ochuluka kutalitali kuposa omwe ali ndi galimoto. Koma taimani pa milatho yambiri ya pa M1 kapena timilatho topapatiza ta mu msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja muone zomwe zimachitika. Msewu umabwera ndi kamalo ka m'mbali komwe wa njinga amadzipanikiza, ukangofika pa mlatho kamalo kaja kamatha, watsala ndi chitsulo kumanzere thiraki kumanja. Wa kabaza wanyamula mayi ndi dengu la tomato amayenera kusankha, atsike adikire kapena alowe pakati pa msewu n'kupemphera. Ngozi ikachitika timati wa njinga ndi wosasamala, sadziwa malamulo a pamsewu. Ena sadziwadi, ndikuvomera, ndipo zoyenda usiku opanda nyali kapena chonyezimira zimandinyansa inenso. Koma munthu olo adziwe buku lonse la malamulo, pa mlatho wopanda malo ake adutsa pati?

Ku Lilongwe anthu anayankha okha funso limeneli kalekale, timilatho tamitengo tija ta pakati pa misika pa mtsinje wa Lilongwe tomwe umalipira kuti uoloke. Anthu wamba anaona kuti oyenda pansi akufuna poolokera pafupi, anakhoma mitengo, n'kuyamba kutolera ndalama. Ameneyo ndi kafukufuku wokwanira, sipakufunikanso mlangizi wochokera kunja kuti adzatiuze kuti anthu amaoloka pati. Ku Chiromo chikokolokereni mlatho mu 1997 anthu a ku East Bank akhala akukweza njinga m'mabwato. Ndipo ife oyenda pa basi kuchokera kuno tikafika pa Tete timaona pa Samora Machel Bridge momwe anthu apansi ndi a njinga amadzazira m'mbali mwake m'mawa, poti mlatho wa pakati pa tauni ntchito yake yaikulu ndi imeneyo.

Zaka zaposachedwapa kwathu kwakhala kukumangidwa zambiri, misewu ya ma leni 6 ku Lilongwe, mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town omwe a ku Japan anathandiza kukulitsa, kukonzanso M1, komanso milatho yambiri ya kum'mwera yomwe inakokoloka ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 ikufunika kumangidwanso. Mlatho ukamangidwa umakhala zaka 50, 60, kapena kuposa. Ndiye nthawi yokangana za malo a njinga ndi ino pomwe zinthu zili pa pepala, chifukwa pa pepala kuwonjezera mamita awiri mbali iliyonse ndi kachigawo kochepa ka mtengo onse, pomwe kudzakonza pambuyo mwaona nokha ku Auckland kuti kunafika pa 685 miliyoni n'kulephereka. Ndipo ndikudziwa momwe zimakhalira ndalama zikachepa, kwacha ikagwa, kontilakita akati mtengo wa simenti wakwera, choyamba kudulidwa ndi chomwe bwana woyenda pa galimoto sachigwiritsa ntchito. Sadula leni ya galimoto, amadula ya wapansi. A ku Auckland m'zaka za m'ma 1950 anadula zonse ziwiri, leni anadzazibwezera koma tinjira ta wapansi ayi, ndipo omwe anadulawo anapita kalekale, akuvutika ndi zidzukulu.

Sindikupempha zapamwamba ayi. Njira ya njinga pa mlatho ikhale yotakata moti wa kabaza wonyamula munthu kapena matumba awiri a makala adutse osakhudza chitsulo, poti njinga yathu ikasenza imatambalala kuposa ya mzungu. Isiyanitsidwe ndi magalimoto ndi kakhoma ka konkire osati penti, penti minibasi siiopa, izi taziona ku Braamfontein. Polowera pakhale potsetsereka osati masitepe, ndipo ikatuluka pa mlatho ipitirire, isakathere mu ngalande. Oyenda pansi akhale ndi mbali yawo kuti asamalimbane ndi njinga, nanga si nawonso ana a sukulu ndi agogo amaopa belu la kabaza ngati momwe wa kabaza amaopera hutala ya thiraki. Za mavenda omwe adzayale malonda pomwepo tsiku lotsegulira, imeneyo ndi nkhani ya khonsolo, awapezere malo pafupi chifukwa kungowathamangitsa amabwerera mawa lake.

Wina anena kuti a njinga salipira pa Chingeni kapena pa Kalinyeke, salipira msonkho wa pa mafuta, nde alankhula bwanji za misewu? Ngongole zomwe boma limatenga pomanga misewuyi timabweza tonse, wa kabaza akagula sopo, shuga, tayala ndi tcheni msonkho amadula pomwepo. Komanso njinga siikumba msewu, omwe amaphwanya milatho ndi mathiraki odzaza mopyola muyezo.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mutume mtolankhani wanu ku Roads Authority ndi ku makhonsolo a Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba akapemphe zojambula za milatho yomwe ikumangidwa ndi yomwe ili m'mapulani, atiuze mlatho ndi mlatho kuti malo a njinga ndi mamita angati, a oyenda pansi angati, ndipo chotchinga ndi konkire kapena penti. Akafunsenso mabungwe a anyamata a kabaza ngati anaitanidwapo ku msonkhano uliwonse pomwe zojambulazo zimakambidwa. Mayankhowo muwasindikize m'Chichewa kuti eni njinga awerenge okha.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu,
Johannesburg